A Kopolo Zuze, Amene Anawalira Ali Moyo

Ana anga, ine bambo wanu Bizeki, za ubwana wanga kwa Kasisi sindilemba, chifukwa mbuzi zimene ndinkaweta zinadyedwa kale ndipo palibe chimene mungaphunzirepo. Ndiyambira pa madzi, pakuti ntchito yanga yonse inathera pa Shire, ndipo ndi pa madzipo pamene ndinakumana ndi agogo anu a kuchikazi, a Kopolo Zuze. Inu mumangodziwa kuti anali msilikali, basi. Masiku ano maso anga achita nkhungu, ndipo ndikakhala pakhonde dzuwa litapendeka ndimamva nkhafi zikulira ngakhale mtsinje uli kutali. Amai anu amati ndikusinza. Sindisinza ayi, ndimakhala ndili ku ntchito.

Pa sitima ya m'madzi, zaka zoyambirira za m'ma 1900

Ntchito yanga yoyamba inali yoyesa madzi. Ndinkaima kutsogolo kwa sitima ndi nsungwi yaitali yopakidwa mizere, n'kumaimiza m'madzi ndi kufuula kuya kwake kuti woyendetsa asatikweze pamchenga. Shire ndi mtsinje wachinyengo, ndikuuzeni. Pamene dzulo panali pakuya, lero mupeza akakowa ataimapo, madzi akuwalekeza m'mawondo. Mkulu wa sitimayo anali mzungu wofiira ngati chiswe chophika, ndipo tinkamutcha Bwana Nkhuni chifukwa ndi mau okhawo a Chimang'anja amene anawagwira. Sitima inkadya nkhuni koopsa, ndipo m'madoko ena tinkafika n'kupeza odula athawa, mulu palibe. Pamenepo tonse, ngakhale ophika, tinkatsika ndi nkhwangwa kukalowa m'tchire, iye ali pamwamba kufuula mau ake amodzi aja mpaka mau kusasa. Tikatitimira pamchenga tinkalowa m'madzi kukankha, wina akumenya chitini kuti ng'ona zitalikire. Ndinali mnyamata wa mphamvu, ndipo zonsezi ndinkaziona ngati masewera.

Ulendo wina tikukwera kuchokera ku Chinde, doko la kunyanja, pakati pa anthu okhala pa bwato la katundu lomangidwa m'mbali mwa sitima panali bambo wina wamtali, imvi zitangoyamba, wovala kabudula wa khaki ndi chipewa chofiira cha asilikali. Ankatsimphina pang'ono, ndipo sankasiyana ndi bokosi lake lachitsulo. M'mawa wina nkhungu itaphimba mtsinje wonse, moti bango la m'mbali linkangooneka ngati anthu oimirira, anabwera kudzakhala pafupi ndi ine.

"Mwanawe, madzi awa ndi Shire kale, kapena tikadali mu Zambezi?"

"Ndi Shire, bambo. Talowa dzulo."

Anavula chipewa, anawerama, natunga nacho madzi n'kudzithira pamutu. "Pyadidi," anatero m'Chisena, ndiko kuti zili bwino, maso atatseka. Kuyambira tsiku limenelo ankabwera m'mawa uliwonse, ndipo ine ndikumiza nsungwi, iwo ankasimba. Anati dzina lawo ndi Zuze, a kwa Mbenje, ndipo anawatenga kukamenya nkhondo ku dziko la Asomali, kumene kulibe mtsinje ngakhale umodzi, madzi a m'zitsime ndi owawa, ndipo katundu amasenza ndi ngamila, nyama ya khosi lalitali yoyenda ngati ikulota. Kumeneko chipolopolo chinawalowa m'chiuno. Anadzidzimuka ali m'chipatala cha m'mbali mwa nyanja yamchere, anzawo onse atapita. Anadwala nthawi yaitali, anabatizidwa ali pakama pomwepo, ndipo atachira anawasunga kumeneko kuti azilondera nyumba za katundu, poti kuguba kunali kutawakanika. "Zaka zinangodutsa ngati madzi awa," anatero. Kenako anatsegula bokosi kundionetsa nsalu ya maluwa abuluu ya mkazi wawo mai Chanazi, ndi mikanda ya mwana wawo wamkazi Marita, amene anamusiya akuguluka mano.

Tinafika pa doko la kwa Mbenje dzuwa likuyamba kubalalitsa nkhungu. Amai anali m'mbali mwa madzi, ena kuchapa, ena kutunga. A Kopolo anaimirira, anakweza chipewa chija, nafuula ndi mau onse: "Chanazi! Chanazi iwe!" Mai wina wa mwana kumsana anaweramuka. Anayang'ana, anayang'ananso, mtsuko unapulumuka m'manja mwake n'kusweka. Ndiye kunamveka mfuu: "Mzukwa! Mzukwa!" Ha, amai aja anakwera gombe ngati agwape, zochapa kuzisiya zikupita ndi madzi, ndipo mai wa mwana uja anzake anachita kumukoka. A Kopolo anatsika pang'onopang'ono, anaika bokosi pamchenga, naima. Bwana Nkhuni analiza mluzu, ife tinanyamuka. Ndinacheuka mpaka tinakhota, ndipo anali chiimire pamchenga paja, chipewa m'manja.

Pa doko la kwa Mbenje, njanji itafika

Njanji itafika sitima za m'madzi zinayamba kuchepa, mtsinjenso unkaphwa chaka ndi chaka. Bwana Nkhuni anapita kwawo osatsazika, ife tinabalalika. Ine ndinalembedwa ndi kampani ina yogula thonje, ndipo poti madzi ndinkawadziwa, anandipatsa ukapitawo wa opalasa pa doko lomwe lija. Midzi inali tsidya la kumadzulo, shedi ya kampani tsidya la kum'mawa, ndiye ntchito yathu inali kuolotsa alimi ndi mitolo yawo pa miyadiya, mabwato aakulu osema aja. Tsiku loyamba ndikuyendera opalasa anga ndinangoti kakasi. Kumapeto kwa mzere, patali ndi anzawo, kunaima a Kopolo Zuze, chipewa chija chitasuluka. Ankakhala okha mu msasa wa bango kuseri kwa shedi.

"A Kopolo, kodi simunapite kwanu?"

"Kwathu ndi uko ukukuonako," anatero akuloza tsidya ndi mlomo. "Ndili ndi manda abwino kumeneko. Amawalambulira chaka ndi chaka."

Nkhani yake inali iyi. Mnzawo wina wa kunkhondo anafika kumudzi ndi bulangete lawo, nanena kuti anawaona akugwa. Sananame munthuyo, anagwadi. Tsono kwathu kuno munthu akafera kutali, kapena akatengedwa ndi ng'ona mtembo osaoneka, maliro sitiwasiya m'malere. Amadula thunthu la nthochi, kulikulunga m'nsalu ya munthuyo, kulilira, n'kuliika m'manda ngati mwini wake. Anachita zonsezo. Anameta, anafulula mowa, ndipo mng'ono wawo a Fombe analowa chokolo kwa mai Chanazi monga mwa mwambo wa Asena. Mai woswa mtsuko uja anali mai Chanazi, ndipo mwana ndinamuona kumsana uja anali wa a Fombe. Ndiye taganizani inuyo: munthu amene mwamulira, mwamuika, mwamumetera, atulukire m'nkhungu akukuitanani dzina, mungati ndani? Sankawakhudza, sankadya nawo, sankalandira kanthu kuchokera m'manja mwawo. Akuluakulu anati njira ilipo imodzi yokha: akagone pamanda paja, awasambitse mankhwala, athokoze mizimu kuti yawamasula, kenako alowe m'mudzi ndi dzina latsopano ngati khanda. A Kopolo anakana.

Ine zimenezi zinkandipsetsa mtima, ndipo sindinkabisa. "A Kopolo, inu mutu wanu ndi mwala wa mphero," ndinkatero. "Kugona pamanda kamodzi kokha kukuchotserani chiyani? Mkazi wanu ali apo, mwana wanu ali apo, inu muli pano kudyedwa ndi udzudzu!"

"Nkhabe," ankayankha, ndiko kukana kwa Chisena, ndipo akatero ndiye kuti kwatha. "Ndikagona pamenepo ndavomera kuti ndinafa. Ine sindinafe, Bizeki. M'chipatala muja mphutsi zinkatuluka m'chiuno mwangamu, ndipo amene anandisunga ndikumudziwa. Ndikathokoze wina? Ndigule khomo la nyumba yanga yomwe ndi bodza?"

Lamulungu lililonse ankamenya chidutswa cha njanji chimene anachipachika pa mtengo, kenako n'kupemphera okhaokha atayang'ana kumadzulo. Nyimbo ankaimba mokweza dala kuti iwoloke. Mau awo sanali abwino, pepani agogo anu, koma pa madzi a m'mawa ankayenda mtunda.

Vuto linafika nyengo yokolola. Alimi ankakana kukwera mwadiya umene munali a Kopolo. Ankalolera kukhala padzuwa mpaka masana kudikira wina, ndipo ena anayamba kusenza thonje lawo kupita kwa wogula wina kumunsi. Bwana wathu wa pa shedi, amene tinkamutcha Bwana Sikelo, sanali munthu woipa, anali wotopa chabe, malungo osamuchoka m'thupi. Anandiitana. "Kapitawo, nkhalamba ija ichoke. Anthu akuopa, thonje likupita kwina. Uiuze lero." Ndinatuluka. Ndinkadziwa kuti akachoka pa dokopo alibenso kolowera, ndipo sadzaonanso ngakhale utsi wa nyumba yawo. Komanso ukapitawo ndinkaufuna, ndinali nditangogula jekete. Ndiponso ine ndine mwana wa kwa Kasisi, ndinakulira m'mantha omwewo. Mutu unkandiuza kuti uyu ndi munthu, ndinakwera naye sitima, koma mpaka tsiku limenelo ndinali ndisanadyepo nawo.

Ndinawapeza masana akuwotcha mlamba ndi mbatata pamakala. Anangondiyang'ana kamodzi. "Wabwera ndi mau a bwana. Usavutike, msilikali sachedwa kumanga katundu. Koma yamba wadya." Ananyema nsomba ija, anaika gawo langa pa tsamba, analiika pansi, kenako anatenga kamtengo n'kulikankhira kwa ine kuti dzanja lawo lisayandikire langa. Anachita zimenezo osaganiza n'komwe, anali atazolowera. Ana anga, kamtengo kameneko kanandilasa mumtima. Munthu wamkulu, wa imvi, amene anaoloka nyanja ndi nsalu ya mkazi wake m'bokosi, azipereka chakudya ngati akudyetsa galu wolusa? Ndinatola kamtengo kaja n'kukaponya pamoto. Ndinakhala pansi phewa langa kukhudza lawo, ndinatenga nsomba imene inali m'manja mwawo, ndinadya. Opalasa amene anali pamthunzi anaimirira. "Ogo! Kapitawo wadya ndi wakufa!" Nsombayo inali ndi mchere wambiri.

Ndinabwerera ku shedi pakamwa pakadali mafuta. "Bwana, thonje siliopa mzukwa. Tipatseni mwadiya umodzi wa mitolo yokhayokha, ine ndi iwo tizipalasa. Anthu azikwera inayo. Mukakana, nkhafi yanga iyi." Bwana Sikelo anapukuta nkhope, anandiyang'ana nthawi yaitali, navomera. Koma ukapitawo unapita kwa wina, chifukwa opalasa anati sangamvere munthu wodya ndi akufa. Amalume anga kwa Kasisi anatumiza mau oti ndisapondeko mpaka nditasamba mankhwala. Musaganize kuti ndinali woyera mtima ayi. Ukapitawo wanga ndinaulira, ndipo a Kopolo ndinawanyoza mumtima nyengo yonseyo, makamaka ndikaona kapitawo watsopano akuyenda manja kumbuyo.

Zaka za mwadiya wa thonje

Komabe ndikamakumbuka moyo wanga wa ntchito, zaka zimenezi ndi zomwe zimabwera zokha. Tinkanyamuka kusanatenthe, mitolo yoyera itaunjikana pakati, iwo kumbuyo, ine kutsogolo, osaonana nkhope. Nkhungu inkagona pamadzi, mapiri a ku Thyolo akuyandama pamwamba pake ngati alibe tsinde, mvuu zikupuma kwinakwake kosaoneka. Nthawi zina sindinkadziwa ngati tikupita kapena taima. Kuseri kwa thonje kunkachokera mau awo, akusimba za mchenga wopanda malire, za nyenyezi za kumeneko, za ngamila ina imene inawakonda n'kumawatsata. Alimi ankaika mitolo pagombe n'kubwerera m'mbuyo, ife n'kukweza tokha. A Kopolo ankawapatsa moni aliyense potchula dzina lake, ndi la bambo ake, ngakhale palibe ankayankha.

M'mawa wina tikumaliza kukweza, anthu ali mulu kudikira mwadiya wa anthu, mai wina anatuluka pakati pawo ndi dengu pamutu, akukoka kamnyamata padzanja. Anali mai Chanazi. Anatsika gombe osayang'ana kumanja kapena kumanzere, anakweza mwana, nawonso anakwera, nakhala pamwamba pa thonje. Pagombe mai wina analira: "Chanazi, wapenga? Tsika!" Iwo anangondiuza kuti, "Palasani, bambo." Ndinakankha mwadiya. Tinafika pakati pa mtsinje. Dzuwa linali litatuluka, ndipo nditacheuka ndinaona a Kopolo akupalasa mutu uli pansi, thukuta likuyenderera m'mikono. Mai Chanazi anatembenuka, anawayang'anitsitsa, kenako anatambasula dzanja, anapukuta thukuta la pamkono wawo ndi chala, n'kulawa.

"Wakufa satuluka thukuta," anatero. "Ndipo ili ndikulidziwa."

A Kopolo anaika nkhafi pamiyendo. Mwadiya unayamba kutengedwa ndi madzi, ine osadandaula.

"Lamulungu lililonse ndimakumvani mukuimba," anapitiriza mai aja. "Ndinadziuza kuti mzimu sungaimbe moipa chonchi zaka zonsezi. Ndinalira nthochi, mwamuna wanga. Ndinameta chifukwa cha nthochi. Mundikhululukire."

"Takhuta, mama," anatero a Kopolo, kuthokoza kwa Chisena, ndipo misozi inali kugwera m'ndevu. Kenako anayang'ana kamnyamata kaja, kamene kanali kusosola thonje la kampani. Mai Chanazi anayamba kunena kuti mwanayu ndi wa a Fombe, koma anawadula. "Ngati ndinafa, mwana wa chokolo ndi wa womwalirayo, ndiye ndi wanga. Ngati ndili moyo, ndi mwana wa mng'ono wanga, ndi wanganso. Bwera kuno, iwe." Tinakatsikira kumunsi kwenikweni kwa doko, ndipo Bwana Sikelo anatikalipira chifukwa chochedwa.

Mai Chanazi sanabwererenso. Madzulo ake anavala nsalu ya maluwa abuluu ija, imene inali itagwira fungo la bokosi. Pasanapite nthawi Marita naye anaoloka, ali namwali wamkulu, mikanda ija yosamukwananso m'khosi. Ameneyo ndi amai anu, ndipo za mmene ndinawafunsira muwafunse okha, amanama bwino kuposa ine. Chimene ndinganene n'chakuti mkamwini ndi apongozi kupalasa mwadiya umodzi si zinthu. Nthabwala zonse zinatha, ndinayamba kuwatchula kuti baba, ndipo mitolo ya pakati ija inatithandiza kusunga ulemu. A Fombe anakwiya kwambiri. Anaima pagombe la kumadzulo n'kufuula kuti mzukwa wawabera mkazi ndi mwana, ndipo analumbira kuti sadzaponda tsidya lathu. A Kopolo anangowayankha kuti, "Mwadzuka bwanji, mng'ono wanga?"

Zaka za nkhondo ya Ajeremani ndi njala ya pambuyo pake

Nkhondo itabuka, zonse zinasowa. Mchere unasowa, nsalu inasowa, chingwe chomangira miyadiya tinkapota tokha ndi mlaza. Amesenjala ankayenda m'midzi kugwira amuna kuti akakhale atengatenga, osenza katundu wa asilikali kumpoto. Ine anandisiya chifukwa doko linkafuna wodziwa madzi. A Kopolo anali atakalamba, wina sakanawakhudza, koma atamva kuti anyamata a kumudzi kwawo agwidwa, anatsuka chipewa chija n'kukadzipereka kuti akhale kapitawo wawo. Ndinawaletsa mpaka kukalipa. "Baba, anthu amene sakuyankhani moni, mukawafere?" Anati, "Ana amenewa sadziwa kusamala mapazi, sadziwa madzi oyenera kumwa. Akapita okha, kumudzi kutha nthochi." Mai Chanazi sanalire. Anawamangira kamba, nati, "Pitani. Koma wina akadzabwera pano ndi bulangete lanu, ndidzamukwapula nalo."

Anabwerako ataonda ngati bango, pamodzi ndi ambiri mwa anyamata aja. Anyamatawo anandiuza okha kuti m'tchire muja ankadya nawo mbale imodzi, ankagona msana ndi msana chifukwa cha kuzizira, ndipo wina anamubereka pamsana pamene miyendo inamutupa, chiuno chawo chopweteka chomwecho. Koma tsiku lofika pa doko, ataona makolo awo tsidya lija, anyamata aja anayamba kusuntha mmodzimmodzi, mpaka a Kopolo anatsala okha ndi katundu wawo. Mmodzi yekha ananong'ona kuti, "Pepani, a Kopolo, kumudzi n'kumudzi." Ine ndinafuna kuwagenda ndi nkhafi. Iwo anandigwira mkono. "Asiye. Afika amoyo, ndi zimene ndinapitira."

Chaka cha njala yaikulu, mvula itakana, anthu a kumadzulo ankakhalira nyika, timizu ta m'dambo tija. Ife tinali ndi dimba m'mbali mwa madzi limene linatipatsa chimanga pang'ono ndi maungu. A Kopolo ankadzaza dengu, kuoloka, kulisiya pagombe pamene a Fombe ankamangirira bwato lawo, n'kubwerera. Tsiku lotsatira tinkapeza dengu lopanda kanthu, litatsukidwa bwino. Mau ayi, moni ayi. Ine ndinkati, "Chimanga cha mzukwa ndiye chokoma, eti?" Iwo ankaseka. Pa nthawi imeneyo pansi pa mtengo wa chidutswa cha njanji paja sankapempheranso okha. Panali banja lathu, antchito a pa shedi, ndi mabanja angapo ochokera kwa Apwitikizi amene nkhani ya nthochi sinkawakhudza. Mphunzitsi wa mishoni ankabwera mwa apo ndi apo, koma woyambitsa nyimbo anali iwo, ndipo mpingo wonse unaphunzira kuimba mokhota ngati iwowo.

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1920

Anasiya kupalasa pamene manja analephera kugwira nkhafi, koma m'mawa uliwonse ankatsika ndi ndodo kukakhala pagombe, zidzukulu zitawazungulira, akuyang'ana tsidya. Tsiku lina ndinawafunsa ngati sankanong'oneza bondo. "Ndikulakalaka mtengo wa bwemba wa pakhomo pa amai anga," anatero. "Ndimaulota. Koma bodza lija sindikananena." Anamwalira nyengo yozizira, m'mawa, mai Chanazi atawagwira dzanja. A Kopolo anali atakalamba kwambiri, moti a msinkhu wawo anali atatsala owerengeka.

Ine ndinaoloka kukanena maliro, monga mkamwini. Akuluakulu a kumudzi anandimvera ndili chiimire patali, ndipo anayankha kuti munthu mmodzi saliridwa kawiri, manda ake alipo kale. Ndinabwerera mtima ukuwira, ndinauza a mpingo kuti tikumba tokha pafupi ndi mtengo uja. Tinasambitsa thupi, tinaligoneka pamphasa m'nyumba, amai akuimba chapansipansi. Dzuwa litakwera, mwana wina anathamanga kuchokera ku doko kudzanena kuti kukubwera bwato. Munali munthu mmodzi, nkhalamba, ikupalasa movutika. Anali a Fombe.

Anakwera gombe limene analumbira kuti sadzapondapo. Anthu anapatuka, nyimbo inaleka. Anaima pakhomo, ndipo mwana wawo uja, amene tsopano anali bambo wandevu, anawagwira mkono n'kuwalowetsa. Anagwada pambali pa mphasa, anayang'ana nkhope ya akulu awo kwa nthawi yaitali. Kenako anatambasula dzanja, linabwerera, analitambasulanso, n'kuliika pachipumi. Anatsitsa dzanja mpaka pachifuwa, anagwira zala zija zokhakhala ndi nkhafi, anazitembenuza.

"Azizira," anatero, ngati akudabwa. Anayang'ana mai Chanazi, anandiyang'ana ine. "Azizira ndithu. Tsopano ndiye afa." Kenako anati chapansipansi: "Ndiye kuti zaka zonsezi anali moyo. Akulu anga anali moyo, ine ndili tsidya lija."

A Fombe anagwetsa mutu pachifuwa cha akulu awo n'kulira mokweza ngati mwana, akuwaitana dzina lawo lomwe lija. Atatopa anadzuka, anapukuta maso ndi nsalu, natuluka panja pamene tinali titayamba kukumba. Anandilanda khasu m'manja osapempha.